Kabotolo Kotsala ka Ababa

17 Juni 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani pokwera masitepe. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa Lamlungu lija tonse tinkalankhula nthawi imodzi, ndipo palibe amene anamva mnzake. Papepala simungandidule mawu, inenso sindingakuduleni. Mukatopa muyipinde, mumwe madzi, mudzapitirize mawa.

Achimwene a Voliyumu anandiimbira tsiku lotsatira kudzapepesa. Akuti sankafuna kukukhumudwitsani, mawu anangowapulumuka patebulo pamene anati, "Ababa ali mufiriji kuntchito kwa Eriyo." Mukuwadziwa mwana wanu. Ababa sanalakwitse powapatsa dzina limenelo, amayamba kulankhula kenako n'kumaganiza pambuyo. Koma funso limene munandifunsa inu silinandichoke m'mutu sabata yonse. Munati, "Munthu ankagona ndi masokosi ngakhale nthawi yotentha, iwe wakamuika m'madzi oundana?" Kenako munandilamula kuti chilichonse chimene chatsala ndibwere nacho, chikagone pamene pagona mwini wake.

Amayi, chatsala ndi kabotolo kamodzi, kochepa kuposa chala changa chaching'ono. Ulamuliro pa kabotolo kameneko ndi wanu. Ndafunsa akuluakulu a kuno ndipo avomera kuti banja likafuna, limatenga. Koma musanayankhe komaliza, ndiloleni ndikufotokozereni chimene chili m'menemo, chifukwa pafoni ndinangokhalira kunena kuti simukumvetsa, pamene ine mwini sindinayambe ndakhalapo pansi kuti ndikufotokozereni.

Masiku ano ndikumakumbukira kwambiri kachipinda ka kutsogolo kaja, mmene Ababa ankakonzeramo mawailesi. Ndimaona tebulo lija limene anayalapo kalipeti wakale kuti timasikulu tisamagubuduke, maginito a sipika amene tinkatolera tizitsulo pansi, ndi magalasi awo omangidwa ndi waya wofiira mbali imodzi. Fungo la mtovu wosungunuka ndikalimva ngakhale lero, ndimatembenuka kuti ndiwaone. Ndinu amene munatiuza mmene chipsera cha pachifuwa chawo chija chinayambira, ife tisanabadwe. Munati kunali kotentha, iwo anamasula mabatani a malaya, kadontho ka mtovu n'kuwagwera pachifuwa. Anangoti "aa" n'kupitiriza ntchito, chifukwa mwini wailesi anali ataima pakhomo kudikira kuti akamvere mpira. Kabala kake kanali ngati njere ya mpunga ndipo kanapola sabata isanathe. Koma pamene kanapolapo panayamba kutukumuka, chaka ndi chaka, mpaka pamene ine ndinkayamba sukulu chinali ngati chikhato cha mwana chotambasula zala.

Iwo ankachitcha mlendo. Ankati, "Anthu amati mlendo ndi mame, koma wanga uyu anabwera ndi katundu wake yense." Ndipo mukukumbukira masewera athu aja? Ankatiuza kuti chipseracho ndi batani loyatsira wailesi. Ine kapena achimwene tikadina, iwo ankaongoka pampando n'kuyamba kuwerenga nkhani ndi mawu okhuthala, zakuti mphaka wa kwa aneba wasankhidwa kukhala nduna ya zamkaka, kapena zakuti mtsikana wina wamtali ngati eriyo wakana kusamba. Tinkaseka mpaka kugwa pansi. Inu mukatipeza munkatimenya m'manja, ife n'kumati Amayi sakonda nthabwala. Ndinadzadziwa nditakula kuti chipsera chotere ukachidina chimabaya ngati singano. Inu munkadziwa kuyambira kale.

Ndikukumbukiranso kuti malaya aliwonse atsopano ankayamba adutsa kaye m'manja mwanu. Munkasuntha batani lachiwiri kuti lisagwere pachipsera, m'kati n'kusokereramo kansalu kofewa kochokera kubulangete limene tinkafunda tili makanda. Masana kukatentha kuyabwa kunkawakulira, ndipo inu munkabwera ndi kansalu konyowa osadikira kuitanidwa, n'kuwaika pachifuwa iwo manja ali m'wailesi. Simunkalankhulana n'komwe. Ndikamaganiza za chikondi cha anthu awiri, chithunzi chimene chimandibwerera ndi chimenecho.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake mabala anga a m'maondo ankapola n'kufufutika, pamene lawo linkangokula. Anandiyankha kuti chinthu chimene sunachitsegule sungachidziwe, koma vuto ndi lakuti munthu alibe masikulu kumsana. Ndikuganiza kuti ntchito yanga inayambira pamenepo.

Tsono nayi ntchitoyo, mwachidule mmene ndingathere, ngakhale mukudziwa kuti chidule changa ndi chachitali. Thupi la munthu ndi lomangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tamoyo timene timatitcha maselo. Khungu likang'ambika, maselo ena amathamangira pamalopo ngati amisiri, n'kuyamba kuluka ulusi wolimba wotsekera dzenjelo. Mwa anthu ambiri, dzenje likatsekeka amisiriwo amalongedza n'kumapita. Mwa anthu ena, monga Ababa, samva kuti ntchito yatha. Amangoluka, kusanjikiza, mpaka kulowerera pakhungu labwinobwino limene silinavulale n'komwe. Chipsera chimenechi madokotala amati keloyidi. Chimakonda pachifuwa, pamapewa ndi m'makutu, chimayenda m'magazi a mabanja ena, ndipo ukangochidula popanda chithandizo china, kawirikawiri chimabwerera chitakula kuposa kale.

Chovuta n'chakuti matenda ambiri timawaphunzirira pa nyama, koma awa ndi a anthu okha. Mbewa zoyera za m'labu muno mungazicheke bwanji, khungu lake limangokokana n'kutsekeka. Khutu la kalulu woweta limatupa pang'ono, kenako n'kuphwa. Pali mtundu wina wa nkhumba umene umachita zipsera zokhuthala, koma nazo sizidumpha malire a bala. Anzathu ena anayesa kusokerera kachidutswa ka chipsera cha munthu pamsana pa mbewa, koma pakapita miyezi kamafota. Choncho tilibe kwina kopita. Timadalira tizidutswa timene anthu amatipatsa akachitidwa opaleshoni.

Inu munali panja pa chipinda tsiku lija Ababa anagonekedwa kuchipatala kuti akadule chipseracho, munapita kukafuna madzi otentha, ndiye mbali iyi simunaione. Dokotala atamaliza kufotokoza za opaleshoni ndi jakisoni amene adzatsatire, Ababa anafunsa kuti chodulidwacho chimapita kuti. Atamva kuti chimatenthedwa, anadzuka pabedi ngati awatukwana.

"Kutentha sipeyala wabwinobwino? Mwana wanga akusowa zimenezi kuntchito, inu mukufuna kusonkhera moto?"

Dokotala anaseka, koma iwo sankaseka. Anamuuza za shelefu ija ya mawailesi akufa imene inu munkafuna kutaya chaka chilichonse, yoti munkati ikungosunga fumbi ndi mphemvu. Anati wailesi yakufa ndi imene imadzutsa inzake. Anafotokozeredwa zonse, anavomera ndi dzanja lawo, ndipo mutabwera anakuuzani kuti mlendo akupita kusukulu ndi Eriyo. Inu munayankha kuti apite, asabwerenso. Ndikuona tsopano kuti munkaganiza kuti tikangoyang'ana tsiku limodzi n'kutaya. Sindinaganize zokuuzani kuti sukulu yake ndi ya zaka.

Kachidutswako tinakadula tizidutswa tating'ono kwambiri, n'kutiika m'timbale tokhala ndi madzi ofiirira a chakudya, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Patapita masiku, amisiri aja anayamba kutuluka n'kumayala pansi pa mbale. Ababa ankaimba foni kufunsa ngati mlendo wawo akudya bwino. Atachira anabwera okha kuntchito kuno, atavala jekete lija la ukwati wa achimwene. Tinawaveka chovala choyera pamwamba pake ndi magolovesi, n'kuwakhazika pa maikulosikopu, makina athu okulitsa zinthu zosaoneka ndi maso. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinawaonetsa kaye ulusi wa khungu labwino, woyalana bwinobwino, kenako wa chipsera chawo. Anadzutsa mutu n'kuuza abwana anga, amene tonse timangowatcha Aprofesa, kuti wailesi iyi anaikonza munthu woledzera, waya aliyense walowera kwake. Aprofesa ndi mayi wosaseka wamba, koma tsiku limenelo anachita kugwira tebulo. Mpaka lero akamaphunzitsa amanena mawu amenewo.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kudziwa kuti mumvetse chifukwa chake kabotolo kamodzi kakutivutitsa chonchi. Maselo akadzaza mbale timawagawa m'mbale zina, akadzazanso timawagawanso. Koma kugawa kulikonse amaiwalako pang'ono kumene anachokera. Zili ngati mwana wokulira kutali ndi kwawo: poyamba amalankhula ngati makolo ake, pakapita nthawi amangofanana ndi aliyense. Maselo ogawidwa kambirimbiri amasiya khalidwe la chipsera, ndipo sangatiphunzitsenso kanthu. N'chifukwa chake oyambirira enieni timawasunga m'timabotolo, m'thanki ya naitrojeni, imene ndi yozizira kuposa firiji iliyonse imene munaionapo. M'menemo zonse zimaima. Sadya, sakula, sakalamba.

Ndipo sazizidwa, Amayi. Kuti munthu amve kuzizira pamafunika mitsempha yonyamula uthenga ndi ubongo woulandira. M'kabotolomo mulibe zimenezo. Ali ngati mbewu youma imene mwaitsekera m'chitini kudikira mvula. Si Ababa amene ali m'menemo. Koma sindikunamizani kuti ndi madzi wamba, chifukwa anachokera m'thupi mwawo, ndipo ndi chinthu chokhacho cha iwo chimene chingadzukenso.

Timabotolo tinalipo tambiri ndithu. Tina tinagwiritsa ntchito iwo akadali moyo, tina pambuyo poti mtima wawo waima mwadzidzidzi chaka chotsatira. Tinaphunzirapo zinthu, zina zothandiza, zina zongotisonyeza kuti njira imene tinatenga ndi yotseka. Pa mbale yafulati maselo sakhala mmene amakhalira m'thupi, choncho tinayamba kumanga kakhungu kathunthu: pansi timaika amisiri aja m'phala la ulusi wa thupi, pamwamba n'kuyala maselo a kunja kwa khungu, kenako timakakweza kuti kamwamba kazikhudza mpweya monga khungu lenileni. Kukula kwake kamangofanana ndi chikhadabo. Chimene chinkatisowa ndi kukoka. Chifuwa cha munthu sichipuma, chimatambasuka ndi kubwerera nthawi iliyonse akamapuma mpweya, ndipo tikuganiza kuti kukokako ndi kumene kumawauza amisiri kuti asaleke. Chaka chino takwanitsa kupanga kamakina kokoka kakhunguko pang'onopang'ono, kukoka ndi kusiya, ngati munthu akupuma. Ababa akanakaona akanapempha sikuludiraiva kuti aone m'kati.

Aprofesa akufuna kuti maselo a Ababa alowe pa kamakina kameneka mwezi wamawa, limodzi ndi a anthu ena. Ndi ochokera pachifuwa, ndi oyambirira, ndipo mbiri yawo timaidziwa kuyambira tsiku la kadontho ka mtovu. Otere sapezeka kawirikawiri.

Palinso china chimene ndikudziwa kuti mwachiona ngakhale simunanene. Mdzukulu wanu, mwana wa achimwene, kuseli kwa khutu limene anabooletsa kwatuluka kotupa ngati mtedza. Mlamu ananditumizira chithunzi. Sindikufuna kumugwiritsa ntchito mwanayo ngati chokukakamizirani, ndipo sindingakulonjezeni kuti kabotolo ka agogo ake kadzamuchiritsa. Ntchito yathu imayenda ngati nkhono, mwina phindu lake adzaliona ana ake. Iye chimene akufunika panopa ndi kuonana ndi dokotala wa khungu kotupako kakadali kakang'ono, ndipo ndakonza kale zimenezo. Ndangotchula kuti mudziwe zimene zimakhala m'mutu mwanga ndikaima pafupi ndi thanki ija.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira. Pafoni ndinalankhula ngati ine ndili mbali ya sayansi, inu mbali ya manda. Si mmene zilili. Kamakina kaja kanayamba kugwira ntchito miyezi ingapo yapitayo, ndipo kabotolo ka Ababa kakanayenera kukhala katalowa kale. Kangapo konse ndakonza zonse m'mawa, kufunditsa madzi a chakudya, kulemba timbale, kuvala magolovesi okhuthala, kutsegula thanki. Nthunzi yoyera imatuluka n'kutsikira kumapazi. Ndimakoka kabokosi, ndimakaona kabotoloko ndi zilembo za dzanja langa, ndimakabwezera. Kenako ndimauza anzanga kuti madzi a chakudya sanandisangalatse, kapena kuti tidikire kaye sabata yamawa.

Lachitatu Aprofesa anandipeza nditaima pomwepo. Anatseka okha chivundikiro cha thanki n'kundiuza kuti ndiwatsatire ku ofesi. Ndinawafotokozera za foni yanu, ndikuyembekeza kuti anditenga mbali. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

"Mayi anu akudziwa chimene akufuna. Inenso ndikudziwa chimene ndikufuna. Amene sakufuna chilichonse ndi inu. Muwagwiritse ntchito kapena muwabweze kwa eni ake, koma kumangotsegula thanki n'kumasuzumira, mukungotithera naitrojeni."

Ndinakwiya tsiku lonse, chifukwa ananena zoona. Inu mukufuna kuwaika m'manda, Aprofesa akufuna kuwadzutsa, ndipo njira zonse ziwiri zimathera pamodzi: thanki idzakhala yopanda Ababa. Ine ndekha ndi amene ndimafuna akhalebe m'chisanu muja. Pamaliro ndinalira pang'ono, anthu mpaka ankati Eriyo ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba. Ndinkadziwa kuti Lolemba ndikabwerera kuntchito, ndikadutsa pafupi ndi thanki ija pokapachika chikwama, ndipo ndakhala ndikudutsapo m'mawa uliwonse kuyambira nthawi imeneyo. Inu munatsala ndi mpando wopanda munthu ndi malaya osowa wovala, ine ndinali ndi pothawira. Mwina n'chifukwa chake sindinafulumire kukufotokozerani.

Ndiye nazi njira ziwirizo, mosabisa kanthu. Mukati ndibwere nako, ndikatulutsa m'thanki ndipo maselowo adzafa ndisanafike n'komwe kwanu. Chimene ndidzakupatsani m'manja ndi timadzi tosadzaza ngakhale theka la supuni ya tiyi. Tidzapita limodzi ndi achimwene, tidzakaika pamene mukufuna, ndipo simudzamva dandaulo lililonse kuchokera kwa ine, lero kapena m'tsogolo.

Mukati tigwiritse ntchito, maselowo adzadzuka, adzadya, adzaluka ulusi wawo kwa masabata angapo pa kamakina kaja, ife tikuyesa kuona chimene chingawauze kuti basi, ntchito yatha. Pamapeto timaumitsa kakhunguko m'phula longa la kandulo n'kudulapo tizigawo topyapyala toika pagalasi. Tizigawoto timatsala kuno. Koma phula lotsalalo, ndi kakhungu kali m'kati mwake, Aprofesa avomera kuti ndingabwere nalo kwa inu. Mudzalandira mochedwa, ndiponso mosakwanira. Sindikufuna mudzanene kuti sindinakuuzeni.

Pali pempho limodzi limene ndawonjeza ndekha. Kabotolo kakatuluka m'thanki kamafunika kusungunulidwa msanga. Buku limati tikaviike m'madzi ofunda, ndipo timaterodi, koma Aprofesa anatiphunzitsa kukatulutsa kakadali ndi kachibulumwa ka ayezi pakati, n'kumalizitsa ndi dzanja. Umakafumbata m'chikhato chovala golovesi, n'kumakagubuduza pang'onopang'ono mpaka ayeziyo atatha. Amati madzi sadziwa polekezera, dzanja limadziwa. Ndinawafunsa ngati dzanjalo liyenera kukhala la munthu wa m'labu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti dzanja ndi dzanja, bola lisambe ndipo mwini wake asakhudze china chilichonse. Choncho mukalola njira yachiwiriyi, ndikufuna mubwere. Ndidzakutengani ndekha pa siteshoni, masitepe kuno kulibe, kuli chikepe. Ndi kanthawi kochepa, madzi a tiyi sangawire n'komwe. Mukatha mudzakhala pa maikulosikopu, ndipo mawa lake mudzawaona atagwira pansi pa mbale n'kuyamba kutambasuka.

Musafulumire kuyankha chifukwa cha ine. Aprofesa andipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo kufikira nditamva mawu anu, thanki ija sinditsegulanso.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti sindinawakwiyire. Akanapanda kulankhula iwo, bwenzi ine ndikadali chete. Moni kwa mlamu, ndipo mumuuze kuti aliyense amene angabwere ndi nzeru yomanga khutu la mwana ndi ulusi kapena kulidula ndi lezala, amuthokoze n'kumuperekeza pakhomo. Mdzukulu wanu mumuuze kuti azakhali ake akubweretsera ndolo zongopanira, zosafuna kuboola, ndipo ndi zokongola kuposa zimene wavula. Inuyo muzimwa mankhwala a bondo mutadya, osati mmene mumachitira muja.

Chimene mungasankhe ndichita, Amayi. Kaya ndi kumanda, kaya ndi kuno, chokhacho ndikupempha n'chakuti mudzaime pafupi nane. Ndayesa ndekha, ndalephera.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Eriyo